Kampando ka Mayi Kachingwe

Mayi Christabel Kachingwe anagwira mfuti koyamba atapitirira kale zaka makumi anayi. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito yoyendera odwala m'makomo ku Evington, mu mzinda wa Leicester. M'mawa uliwonse ankatsika basi n'kulowa m'nyumba ya bambo wina wachikulire dzina lake Gaffar, kukadzutsa mkazi wake Kaniz, kumusambitsa, kumupesa ndi kumukhazika pafupi ndi zenera. A Gaffar anali mmwenye wobadwira ku Limbe, ndipo Chichewa chawo chinali chakale, cha m'sitolo ya nsalu, chimene anachoka nacho kumudzi ali mnyamata.

Tsiku lina anaima n'kumayang'ana a Christabel akudontheza mankhwala m'diso la mkazi wawo.

"Mayi, dzanja lanuli silinjenjemera ngakhale pang'ono," anatero a Gaffar. "Likuwonongeka ndi mankhwala a m'maso. Limeneli ndi dzanja la mfuti."

"Aaa, bambo, ine mfuti ndinangoiona kwa apolisi, ndiponso ndili patali," anayankha a Christabel akuseka.

Mayi Kaniz atamwalira, a Gaffar sanaiwale. Anaitanira a Christabel ku kalabu kwawo, holo yozizira kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, kumene anthu amawombera mfuti za mpweya. Kumeneko sikuphedwa kanthu. Munthu amaima pamzere, kutsogolo kwake pa mtunda wa mamita khumi pali kapepala, pakapepalapo kabwalo kakuda ngati chitsekerero cha botolo, ndipo pakati pa kabwaloko kadontho kochepa ngati njere ya mpiru. Chandamale chake n'chimenecho. Kachitsulo kokoka kuti mfuti ilire ndi kofewa kwambiri, moti chala chimayenera kukamva kaye, n'kukakhudza mwaulemu, mpweya uli chigwirire m'chifuwa.

A Christabel anakonda masewerawo mosayembekezera. Moyo wawo wonse unali woitanidwa: belu la odwala, foni ya kuntchito, foni ya abale kumudzi. Pamzere paja panalibe wowaitana. Ankati kupatula m'tchalitchi, panalibe malo ena pamene mtima wawo unkakhala phee ngati pamenepo.

Koma khosi lawo linali ndi mbiri yake. Ali mtsikana ku Dedza anasenza njerwa za sukulu, ndowa za madzi ndi matumba a mbatata. Atafika kuno anakhala zaka akunyamula anthu akuluakulu kuwachotsa pabedi, nthawi zambiri ali okha chifukwa mnzawo wapantchito sanabwere. Ululu unayambira m'khosi, n'kutsikira paphewa, kenako m'mkono wamanja. Atawajambula kuchipatala anawauza kuti mafupa a m'khosi aperepeseka ndipo akufinya mtsempha wopita ku zala, nawonso msana wam'munsi sulinso bwino. A fiziyo, achipatala owongola mafupa ndi minofu, anawalangiza momveka: asanyamule zolemera, asaweramitse mutu nthawi yaitali, ndipo asakhale pansi.

"Mukapitiriza kuufinya mtsempha umenewu, chala chidzachita dzanzi osabwereranso," anawachenjeza motero. Chala chake chinali cha mkombaphala, chomwe chija chokokera mfuti.

Mayiwo anamvera ngati mwana wa sukulu. Anasiya ntchito ya m'makomo n'kupeza ina ku Belgrave, kumalo kumene okalamba amakacheza masana. Asanapite ku kalabu ankatenthetsa kathumba ka tirigu n'kukayika pakhosi. Ankaima chotsamira chitseko, kubweza chibwano m'mbuyo pang'onopang'ono monga anawaphunzitsira. A Gaffar anawakwezera thako la mfuti pomata nkhuni yofewa, kuti tsaya lizifikapo mutu usanapendeke. Anawagulitsanso kampando kopinda, kotalikirapo, kokhala ndi chotsamira, koti azipumirapo akawombera kangapo. Zinthu zinayenda. Chala chinkamva kachitsulo bwinobwino, ndipo chaka chimenecho anawasankha kulowa m'timu ya kalabu, kuti Loweruka lina akapikisane ndi a ku Nottingham. Kanali koyamba m'moyo wawo kusankhidwa pa chinthu chosakhala ntchito.

Mkati mwa sabata ya mpikisanowo uthenga unafika pa foni kuti bambo Nathaniel a ku Normanton, ku Derby, atisiya. Anali mkulu wa mpingo, munthu amene analandira Amalawi ambiri atangofika kumene. Panalibe zofunsa. A Christabel anamanga chitenje ndi duku m'chikwama n'kukwera basi.

Maliro athu kuno timayesetsa kuti afanane ndi a kumudzi, ngakhale m'tinyumba topanikizana ta ku Normanton. Abambo amakhala m'chipinda chakumaso, pamipando. Chipinda chakumbuyo amachotsamo katundu yense, ndipo amayi amakhala pansi mozungulira namfedwa, miyendo yotambasula, mitu yowerama, kuimba ndi kulira, n'kugona pomwepo. Mwambowo ndi wabwino. Umanena kuti mnzathu wagwa pansi, ifenso tatsika naye. Koma unapangidwira kutonthoza munthu, osati kuthyola wina.

A Christabel atapepesa namfedwa, anapita kwa Mayi Ethel Mbendera, amene ankayendetsa zonse kuchipinda cha amayi. Mayi Mbendera ndi namwino wamkulu pachipatala china, ndipo ndi amene amaphunzitsa anamwino atsopano kasamalidwe ka msana. A Christabel anaganiza kuti apa ndiye pofikira.

"Amayi, ndimati ndipemphe kampando ka kukhitchini, ndikhale pakona apo," ananong'ona. "Ndi khosili. A fiziyo anandiletsa kukhala pansi."

"Mpando? Pa siwa?" Mayi Mbendera sananong'one. "Namfedwa ali pansi, inu mukhale pamwamba pake ngati abusa?"

"Ayi amayi, si mwano. Mtsempha ukufinyika."

"Asisi, muno aliyense ali ndi msana. Ine ndangoweruka ku naiti, sindinagone n'komwe, koma si uyu ndakhala pansi? Zachizunguzi tizizisiya pakhomo."

Mayi wina amene anatsamira khoma analowererapo. "Komatu Loweruka amaima nji tsiku lonse ndi mfuti ngati msilikali. Khosi limadziwa masiku."

"Mwina tiwabweretsere mfutiyo, apola pompano," anatero winanso, ndipo angapo anabisa kuseka m'zitenje.

M'chipinda chimenecho munadzaza anamwino ndi osamalira okalamba. Aliyense wa iwo ankadziwa chimene mtsempha wofinyika umachita. Akanakhala wodwala wachizungu m'wodi, akanathamangira pilo, kukweza bedi, kuitana dokotala. Koma poti anali Christabel wa ku Dedza, wovala chitenje ngati iwo, ululu wake unasanduka matama. Panalibe ngakhale mmodzi amene anati, mutengereni mnzathuyu mpando. Ndipo kuseri kwa khoma, abambo amphamvu zawo anali pa sofa akukambirana za mpira.

A Christabel anayang'ana namfedwa, amene maso ake anali otupa, ndipo anachita manyazi kukangana pamaso pake. Anakhala pansi. Anatambasula miyendo, kuweramitsa mutu monga ena onse, n'kuimba nawo. Moto unayamba m'khosi dzuwa lisanalowe. Pofika nthawi ya chakudya mkono unali utalemera ngati wa munthu wina. Anagona pa kapeti pomwepo, chikwama chili kumutu, ndipo tsiku lotsatira anakhalanso chimodzimodzi, poopa kuti akachoka msanga anena kuti wathamangira mfuti. M'mawa wa tsiku lobwerera, pomanga bulauzi, anaona chala chikugwira batani koma osalimva.

Loweruka anapitabe ku mpikisano. Anatenthetsa kathumba ka tirigu, anapemphera, anadziuza kuti dzanzi litha akangogwira mfuti. Pamzere anaima bwino, anakweza mfuti, anagwira mpweya, n'kuyamba kufunafuna kachitsulo ndi chala. Asanakamve, mfuti inalira. Kachipolopolo kanakamenya thabwa pamwamba pa pepala.

A Gaffar, amene ankayang'anira mzere tsikulo, anafika msanga. "Mayi, ikani mfuti pansi."

"Ndiyesenso kamodzi, bambo."

"Iyayi. Chala chosamva sichigwira mfuti muno, ngakhale chikhale cha mwana wanga. Mwatani?"

Anawatengera pambali, ndipo a Christabel anafotokoza zonse. Nkhope ya a Gaffar inasintha.

"Masiku onsewo pansi? Anthu ake anamwino?" Anapukusa mutu. "Kumzikiti kwathu okalamba ndi odwala amaswali atakhala pampando, mzere umodzi ndi anzawo. Sindinamvepo kuti Mulungu wadandaula. Inuyo simunawauze kuti muli ndi kampando kanu?"

"Ndikanayamba bwanji, bambo, namfedwa ali pomwepo?"

Timu inawombera popanda iwo. A Christabel anakhala pa kampando kawo kumbuyo, dzanja lili pamwendo, akumvetsera mfuti za anzawo.

Miyezi inapita ndi maulendo a kuchipatala. Ululu wa m'khosi unachepa, mkono unapepuka, koma nsonga ya mkombaphala inakhalabe ngati yakutidwa ndi nsalu. Madokotala anati mwina idzabwerera, mwina ayi. Siinabwerere. Lamulungu lina Mayi Mbendera anawapeza pakhomo la tchalitchi n'kuwagwira paphewa lomwe lija.

"Asisi, tamva kuti simukupeza bwino. Tikukupemphererani. Koma mfutizi muzichepetse, n'zimene zikukupwetekani."

A Christabel anangoti zikomo. Pobwerera m'basi manja awo ankanjenjemera, koyamba chibadwire, ndipo sikunali kudwala. Unali mkwiyo. Anapempha Mulungu kuti awachotsere, koma anaona kuti mbali ina ya mkwiyowo inali yoona, ndipo imeneyo anaisunga.

A Gaffar ndi amene anabwera ndi nzeru yoti ayese chala chapakati, ndiponso aziwombera atakhala pa kampando, mfuti itatsamira pachoikira, monga amachitira ena ovutika msana. Kunali kuyambiranso ngati mlendo. Chala chapakati ndi chaphuma, chimakoka mfuti yonse kumbali. Nyengo yonse yozizira tizipolopolo tinkamwazikana papepala ngati mapira otayika, ndipo anyamata amene a Christabel ankawaposa kale ankawalimbikitsa mwachifundo, chimene chinkawawa kuposa khosi. Sanasiye. Pofika nthawi yoti mitengo iphukenso, mabowo anayamba kusonkhana pafupi ndi pakati, ndipo chala chija chinaphunzira kumva kachitsulo kasanalire.

Kenako kunagwa maliro ena, kufupi, ku Belgrave. Mtsikana wina wa mumpingo, Chifundo, anataya mayi ake kumudzi, ndipo anthu anasonkhana kunyumba kwake monga mwa mwambo. A Christabel anavala chitenje ndi duku, n'kukoleka paphewa thumba la kampando.

Atalowa kuchipinda cha amayi anapita kaye kwa Chifundo, anawerama mpaka pamene msana unawalola, n'kumugwira manja onse awiri. "Pepa mwanawe. Ambuye akugwire." Kenako anapita pakona, anatambasula kampando kaja, n'kukhala. Nyimbo inazilala.

"Asisi," anatero Mayi Mbendera, amene analiponso, "nkhani imeneyi sitinathane ku Derby?"

A Christabel anakweza dzanja lamanja, mkombaphala uli chilili. Mawu awo anali otsika, koma chipinda chonse chinamva.

"Tinathana, amayi. Chala ichi ndinachisiya pa kapeti ku Normanton, mpaka lero sichimva kanthu. Inu ndinu anamwino, mukudziwa chimene chinachitika. Chandithandiza ndi chinzakechi, ndipo sindichisiya muno. Ndabwera kudzalira ndi mwanayu. Ngati mpando ukulepheretsa, andiuze yekha, ndituluka."

Onse anatembenukira kwa Chifundo. Iye anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Anti, khalani," anatero. "Mayi anga nawonso ankavutika msana. Khalani pomwepo."

Mayi Mbendera anayang'ana kumbali. Sanapepese tsiku limenelo, ndipo sanapepesebe mpaka pano. Akakumana kutchalitchi amangogwedeza mutu. Ena amanenabe kuti mfuti inawalowetsa mwano a Kachingwe. A Christabel anayambitsa okha nyimbo imene inazilala ija, ali pa kampando, mutu uli chiongokere, ndipo amayi anailandira mmodzimmodzi.

Masiku ano amavala mabulauzi opanda mabatani, chifukwa mkombaphala sugwiranso ntchito imeneyo. Kampando kaja kamayenda nawo kuwiri, kumaliro ndi ku kalabu. Loweruka lotsatira maliro a ku Belgrave anafika ku holo khosi lili bwino, anakhala pamzere, anatsamiritsa mfuti, anagwira mpweya. Chala chapakati chinapeza kachitsulo, chinakamva, chinadikira. Mfuti italira, a Gaffar anayang'ana pepala ndi galasi lawo loonera patali, n'kutembenuka.

"Mayi, timu ikupita ku Nottingham mwezi wamawa, ndipo inu mukupita nayo. Musakhale pansi paliponse."