Dothi Lofiira la kwa Apongozi

Ndinanyamuka kunyumba dzuwa likungosuzumira kuchokera ku Mozambique, m'manja muli kamtolo ka dothi. Gulu lathu la alimi a mkaka linali litandilonjeza ng'ombe, koma lamulo lake n'losapita m'mbali: uyambe waonetsa nsenjere zoidyetsa. Ukalephera mvula ino, ng'ombeyo imapita kwa wina. Tsono malo amene apongozi anga aakazi anandipatsa, ine mkamwini wawo, ndi ofiira ngati njerwa yootcha. Nsenjere ndinabzalapo, zinangochita chikasu n'kuuma. Ngakhale kapinga amapalambalala.

Mayi wina, mlangizi wa ku Nkando amene ali ndi zipangizo zoyezera nthaka, anali atatiphunzitsa katengedwe kake: kumba malo angapo mokhotakhota, kuya kwa khasu, sakaniza m'ndowa, yanika pamthunzi, utapeko pang'ono. Ndinachita zonsezo n'kuyanika pakhonde. M'mawa wa ulendowo, mkazi wanga Esinala anandipatsira dothilo lili lomangamanga m'pepala la shuga, kunja atakulunga nsalu ngati mphatso ya kuukwati. Ndinangoti zikomo, osamasula.

Wakabaza ananditula pa Limbuli. Minibasi yochokera ku Muloza inafika yodzaza ndi matumba a nandolo, ndipo kondakitala anati mpaka pa Chitakale ndi zikwi zitatu. Ndinakhala pakati pa bambo wina wovala kofia ndi mayi wonyamula dengu la tomato.

"Muli chiyani umo, achimwene, mwachita kufukata chonchi?" anafunsa bamboyo.

"Dothi."

Mayi uja anakokera dengu lake pafupi. "La m'munda mwa yani?"

Sindinamudabwe. Kwathu kuno munthu woyenda ndi dothi la m'munda amamuganizira zokawa, zija zokoka mbewu za anzako ndi mankhwala.

"La m'munda mwanga, mayi. Likudwala, ndikupita nalo kuchipatala."

"Basi odwalawo alipire mpando wawo," anatero kondakitala, ndipo kuseka kwake tinafika nako m'minda ya tiyi. Ndinayang'ana kubiriwira konseko, mizere ya anthu othyola tiyi madengu ali kumsana, n'kudziuza kuti dothi lofiira lomwelo likubereka kuno, nane silindikanika.

Pa Chitakale ndinasintha galimoto, ndipo ndinafika pa Nkando msika utayaka kale. Alangizi aja anali mu ofesi yawo yaing'ono. Anamasula nsalu, kenako pepala, n'kuthira dothi pang'ono m'kabotolo, kuwonjezera madzi ndi mankhwala, n'kukhutchumula. Ine maso anali pa dothi lotsala patebulo. Linali lakuda, lofewa, lonunkhira manyowa.

"Bambo, dothi ili ngakhale nthochi ingasangalale nalo," anatero alangizi. "Mukuti udzu ukukana pamenepa?"

"Ili si langa."

Ndinaimbira Esinala nthawi yomweyo. Anaulula zonse. Mayi ake ataona dothi lofiira lija pakhonde, anati sizingatheke kupita nalo kwa anthu a boma. Popita kwa eni umasankha chabwino, kaya ndi nkhuku, kaya ndi ufa. Anakataya langalo, n'kukatapa la kudimba kwawo, pamene pamakula mpiru wa masamba ngati makutu a njovu.

Ndinakwiya, sindibisa. Koma alangizi anaseka mpaka kupukuta misozi. "Si inu oyamba," anatero. "Wina anandibweretsera la pachulu."

Kubwerera manjamanja sindinafune. Ndinauza Esinala kuti atenge khasu, akumbe mmene ndinakumbira ine, apatsire wakabaza, wakabaza apatsire kondakitala aliyense wobwera mbali ino. Pamsewu uno amatumizirana mbuzi yamoyo, dothi lingavute chiyani?

Podikira ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kumsika, ndikudya nyemba za kalongonda ndi chinangwa chophika, pamwamba pake nanazi wosendasenda. Wogulitsayo atamva nkhani yanga anati, "Apongozi anu amakukondani, achimwene. Anga akanatumiza miyala."

Dzuwa litapendeka, minibasi ina inaima ndipo kondakitala anakuwa, "Mwini wa dothi ndani pano?" Theka la msika linacheuka. Ndinaimirira mosachita manyazi n'kukalandira jumbo langa.

Ulendo uno madzi a m'kabotolo anasintha mtundu. Alangizi anayerekeza ndi kapepala ka mitundumitundu n'kugwedeza mutu. "Nthakayi yawawasa, ili ndi asidi wambiri. Mvula ya kuno imatsuka chonde, ndipo feteleza yekha sangathandize. Muwaze laimu waulimi, mugaule kuti alowe pansi, muthire manyowa, muphimbe ndi mapesi. Mvula ikakhazikika mubzale. Nsenjere zigwira."

Ndinagula thumba la laimu pasitolo ya zaulimi pomwepo, n'kukwera yobwerera mtima uli m'malo.

Ndinafika kunyumba nkhuku zikulowa m'khola. Apongozi anali kuseri kwa mpanda. Mwa mwambo wathu sitiyang'anana kumaso, choncho analankhula akuyang'ana kumbali.

"Bambo a Chisomo, ndiye anthu a ku Nkando aliona dothi lathu lija?"

"Aliona, amayi."

"Sanati ndinapatsa mwana wa eni malo akufa?"

Pamenepo mkwiyo wanga wonse unatha, ndipo ndinawamvera chisoni. Ine ndimaganiza za ng'ombe, iwo amaganiza za dzina lawo.

"Ayi, amayi. Ati si lakufa. Likudwala chabe, ndipo mankhwala ake ndi awa."

Apongozi anati, "Manyowa a m'khola la mbuzi zanga mukatenge onse. Kudimba chaka chino kudikire."

Paja amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ife tinatsala pang'ono kutaya ng'ombe chifukwa cha ulemu. M'mawa mwake ndisanasambe n'komwe, ndinamva khasu likulira pamalo ofiira paja, ndipo silinali langa. Linali la apongozi.