Chokongola cha Kuseri kwa Nsalu

Tsiku limene a Baharom anagwera mumtsinje wa Perak, padoko la mabwato ku Teluk Intan, anthu asanu anatambasula manja kuti awavuule, koma mkuluyo anakana onse. Sikuti moyo unali utawakola ayi. Manja awo onse awiri anali m'mwamba, atanyamula kagudumu kofiira kokulungira chingwe cha mbedza, kamene anali atangokagula kwa wogulitsa zitsulo zakale. Ankayenda akukazunguza, kali pakhutu, maso ali kwina, ndiye matabwa a doko anatha iwo asanathe kuyenda.

"Gwirani dzanja, Pak Cik!" anakuwa mwini bwato wina, kuwaitana mwaulemu ngati malume.

"Yamba walandira aka! Kasanyowe!"

Mwini bwatoyo analandira kagudumu, kenako n'kukoka mwini wake pakolala ngati mwana wa mphaka. Koma mtsinje sunawabweze ulere: unatsala ndi sarongi yawo, nsalu yatsopano ya mizere yobiriwira. A Baharom anadutsa m'tauni atamanga thumba la mpunga m'chiuno. Kak Senah, wa nyumba yoyandikana nawo, amene zenera lake la kukhitchini silinatsekedwepo chikwatiwire, anawaona akulowa pampanda, ndipo pofika swala ya madzulo nkhani inali itawatsogolera kumzikiti.

Akazi awo, a Maimunah, anawachingamira pamasitepe mtima uli m'mwamba.

"Abang, mwavulala?" anafunsa. Kuno mkazi amaitana mwamuna wake choncho, ngati mchimwene wamkulu.

"Usadandaule," anatero a Baharom, akupukuta kagudumu ndi nsonga ya thumba. "Sikanalowe madzi."

Chimene chimawawawa a Maimunah n'chakuti sanakwatiwe ndi munthu wotere. Anakwatiwa ndi makaniko wa mabasi, wofatsa, wosasuta, wobwera kunyumba dzuwa likadalipo. Zaka makumi atatu ali pansi pa mabasi zinangowagonthetsa khutu lakumanzere, basi. Atapuma pantchito, a Maimunah ankaganiza kuti bambowo azidzala tsabola kuseri kwa nyumba ngati amuna a anzawo.

Amene anayambitsa zonse ndi a Teck Seng okonza njinga. Tsiku lina anapeza kagudumu kadzimbiri m'bokosi la zinyalala, n'kukaponya m'manja mwa a Baharom. "Zala zanuzo zikungokhala. Taonani ngati aka kangadzuke."

Masiku atatu banja linadyera pansi chifukwa patebulo panali timano tamkuwa, tina tochepa ngati njere za mpunga, titandandalikidwa panyuzi. Tsiku lachinayi a Baharom anamanga zonse, n'kuzunguza chogwirira. Kagudumu kanalira: krrrrr. Maso ali kukhoma, a Baharom anafotokoza kuti ali mwana, bambo awo ankapalasa bwato la mzungu woyang'anira esiteti ya mitengo ya labala, ndipo mzunguyo anali ndi kagudumu kolira chimodzimodzi. Bambo awo ankaloledwa kunyamula nsomba, nyambo, ngakhale nsapato za bwanayo, koma kagudumu ayi. Anamwalira asanakagwirepo.

A Maimunah anamva chisoni. Chisoni chimenecho amachitukwana mpaka lero, chifukwa ndi pakamwa pawo pomwe panatuluka mawu akuti, "Kaikeni mukabati, kangachite fumbi."

Kabati yake ndi ija ya magalasi ya pabalaza, momwe munkakhala mbale za malemu mayi awo, za milomo yagolide, zotulutsa pa Idi pokha. Kagudumu kanakhala pakona mwaulemu ngati mlendo. Posakhalitsa mlendo anaitana abale ake. Lamulungu lililonse a Baharom anayamba kukwera basi ya ku Ipoh, kumsika wa zinthu zakale, n'kubwerako ndi kaphukusi ka nyuzi m'khwapa. Kena kochokera ku Sweden, kena ku Japan, kena kathabwa kopanda dzina kamene ankati ndiye agogo a tonse. Mbale zinasunthira shelefu yapansi, kenako pamwamba pa kabati, kenako kunsi kwa bedi. Pomwe kofiira kaja kamabwera, kabati inali ndi timagudumu makumi anayi, ndipo kofiirako kanapatsidwa malo apakati penipeni.

Zikanakhala kuti nsomba zimabwera, mwina mtima ukanatsika. Koma mwa tonseto palibe n'kamodzi komwe kali ndi chingwe.

"Abang, nsomba yakwera mtengo kumsika. Simungatenge kamodzi kokha mukatigwirire mlamba?"

"Kumadzi? Ukudziwa chimene madzi amachita ndi mkuwa iwe?"

"Nanga timagudumuti anatipangira chiyani?"

"Tamvera kaye aka." Krrrrr. "Wamva? Tsopano tamvera aka." Krrrrr. "Ukuona kusiyana kwake?"

"Ndikumva njala," ankatero a Maimunah, n'kutenga dengu.

Zonsezi akanapirira nazo mpaka kumanda pakanapanda nkhani ya Suraya. Suraya ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, mphunzitsi wa masamu, ndipo pa nthawiyi anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, msinkhu umene azakhali amayamba kukufunsa za umoyo uku akukuyang'ana chala. Anali atagwirizana ndi mnyamata wina woyeza malo, dzina lake Azhari. Mnyamata analibe vuto. Vuto linali mayi ake, Puan Zaleha, amene mbiri yawo inali yakuti anakanapo kale nyumba ziwiri, ina chifukwa cha ketulo yakuda kunsi. Tsopano uthenga unafika kuti Lamulungu likudzalo abwera ndi mlongo wawo, Pak Idrus, kudzafunsira mbeta.

A Maimunah anawauza amuna awo katatu. Amalumbira kuti katatu. Chimene anaiwala n'chakuti maulendo onse atatu anaima kumanzere, kukhutu logontha lija, bambowo atawerama ndi kabotolo ka mafuta. A Baharom ankangoti, "Ehe, Lamulungu, ndikudziwa." Ndipo ankadziwadi, koma ankadziwa zina: sabata yomweyo munthu wina wa ku Ipoh, amene anali asanaonanepo naye maso, anali atawaimbira foni kuti adzabwera Lamulungu kudzaona kofiira kaja.

Loweruka a Maimunah anakwecha ketulo mpaka kudzionamo nkhope. Anaphika timakeke ta kokonati mitundu itatu. Kenako anaima kutsogolo kwa kabati manja ali m'chiuno. Mayi wokana nyumba chifukwa cha ketulo akanati chiyani poona zitsulo zakale pamalo pa mbale? Kuzichotsa kukanabutsa nkhondo. Choncho anatenga nsalu yawo yabwino koposa, ya maluwa abuluu, n'kuphimba kabati yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi.

A Baharom ataona zimenezi anagwidwa ndi chikondi. "Munah, wazindikira tsopano kuti dzuwa limasuwitsa penti. Ndipo makeke onsewa waphikira alendo anga?"

"Alendo athu. Valani malaya oyera, ndipo musalankhule zambiri."

Alendo anafika itangopitirira nthawi ya nkhomaliro. Anakhazikidwa pamipando, Pak Idrus kumanzere kwa a Baharom, Puan Zaleha moyang'anana ndi khomo la kukhitchini, lomwe lili ndi katani ndipo lagundizana ndi kabati. Kuseri kwa kataniko kunali Suraya ndi thireyi ya tiyi, akudikira kuitanidwa.

Ngakhale mwana amadziwa kuti pa ulendo wotere dzina la mtsikana silitchulidwa. Mlendo amati wamva kuti m'munda muno muli duwa, n'kufunsa ngati lili ndi mwini. Koma Pak Idrus ndi munthu wonyadira pakamwa pake, ndipo za duwa ankaziona ngati zotha ntchito. Anakonza kukhosi, n'kuloza ndi chibwano chakukatani.

"Encik Baharom, mbiri yatipeza kutali. Tamva kuti m'nyumba muno muli chinthu chokongola, chosungidwa bwino kuseri kwa nsalu, chimene fumbi silinachikhudze. Tabwera kudzafunsa ngati mungatilole kuti chidzakongoletse nyumba yathu."

A Baharom anatsatira chibwanocho ndi maso, maso n'kukagwera pansalu ya maluwa abuluu. Anamwetulira ngati munthu amene wakhala akuyembekezera funso limeneli sabata yonse.

"Ndinadziwa kuti mufika pamenepo. Koma ndinene poyera, kuti tisatayane nthawi: sichichoka m'nyumba muno."

A Maimunah anatsokomola. Anali kumanzere.

"Inu si oyamba," anapitiriza a Baharom. "Abwera kale atatu. Wina anachokera ku Penang, anakhala pomwe mwakhalapo tsiku lonse akuchonderera. Onse anabwerera manja ali m'thumba."

"Atatu?" anatero Puan Zaleha.

"Atatu. Ndiponso ndisakunamizeni, n'chokongola kunja kokha. Zaka zapita ndithu. Chikayamba kulira anthu a nyumba yachitatu amamva. Mukachisiya mwezi osachisamala chimauma gwa, osatembenuka."

"Abang!"

"Dikira, Munah, anthu ayenera kudziwa zoona. Komanso kumene chinachokera sindikudziwa bwinobwino. Ine ndinangochipeza padoko."

Kuseri kwa katani kunamveka makapu akugwa. Puan Zaleha anaimirira, chikwama chili kale m'khwapa. Panja, zenera la Kak Senah linatseguka mpaka kugunda khoma.

A Maimunah anadzambatuka. Anayenda masitepe atatu, n'kugwira nsalu ya maluwa abuluu, n'kuikoka kamodzi. Timagudumu tonse tinawalira alendo. Analoza kofiira. "Akunena ako." Kenako anakankha katani. Suraya anali chilili pakati pa tiyi wotayika. "Inu mukunena uyu."

Pak Idrus anaseka mpaka chipewa kugwa. Mlongo wawo sanaseke.

"Ndamva kuti ndi kusamvana," anatero Puan Zaleha. "Koma bambo amene sadziwa tsiku limene mwana wake akufunsiridwa mbeta, maganizo ake amakhala kuti? Tiyeni, Abang Idrus."

A Baharom anayang'ana akazi awo, anayang'ana makeke, anayang'ana malaya awo oyera, ndipo zonse zinawafika nthawi imodzi. Pomaliza anayang'ana Suraya, amene sanawayang'ane. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kutsegula kabati, n'kutulutsa kofiira kaja.

"Puan, taimani pang'ono. Aka ndinagwa nako mumtsinje, tauni yonse ikudziwa. Ndakaniza anthu atatu, zimenezo n'zoona. Ndakasamala zaka zisanu." Anakapukuta ndi malaya. "Uyo ndamusamala kuyambira ali wokwana m'manja awiriwa, ndipo lero ndamuchititsa manyazi. Pak Idrus, chonde khalani mbali iyi, kuli khutu lamoyo, mufunsenso. Koma munene za duwa ngati anthu ena onse."

Pak Idrus anatola chipewa, n'kusamukira kumanja, n'kufunsa za duwa, mawu ochepa, opanda zokometsera.

"Duwa lilipo," anayankha a Baharom. "Mwini alibe. Likavomera lokha, ine sindikaniza." Kenako anatambasula manja onse awiri kwa Puan Zaleha, kagudumu kali pamenepo. "Ichi ndi chipepeso changa. Mukampatse mwana wanu. Ndilibe china chimene chingandipweteke kupereka kuposa ichi, kupatula chimene mwadzerachi."

Zala zawo zinachedwa kutseguka, ndipo a Maimunah amati anachita kuwaponda phazi. Puan Zaleha anakalandira ndi nsonga za zala. Anakatembenuza uku ndi uku, mwina kufuna dzimbiri, koma sanalipeze. Anazunguza chogwirira. Krrrrr.

"N'kopanda ntchito," anatero. "Koma n'koyera." Anakaika m'chikwama, n'kukhala pansi. "Suraya, mwanangu, wiritsa tiyi wina."

Ukwati unachitika patapita miyezi isanu ndi umodzi. Munthu wa ku Ipoh uja sanabwere n'komwe. Akuti basi inamusiya.

A Maimunah ankayembekezera kuti poti mfumu ya mukabati yapita, otsalawo azitsatira mmodzimmodzi, mbale n'kubwerera kwawo. Pamalo pa kofiira anaikapo msanga kapu imodzi ya mlomo wagolide kuti agwire malo. Kapuyo inakhalapo milungu iwiri.

Azhari poyamba ankangobwera kudzafunsa mafuta oyenera kuthira mu kofiira kaja, mwaulemu, monga mkamwini. Ulendo wachiwiri anafunsa mmene amakatsegulira. Ulendo wachitatu anabwera ndi kaphukusi ka nyuzi m'khwapa. Masiku ano Lamulungu lililonse galimoto yake imaima pampanda m'mamawa, apongozi n'kukwera kutsogolo, ulendo wa ku Ipoh. Azhari ali ndi timagudumu khumi ndi kamodzi, ndipo nsomba sanagwirepo.

Lamulungu lapitali Suraya anatsika m'galimoto yomweyo atanyamula katoni. Amuna awiri aja anapitirira osazimitsa n'komwe injini.

"Mak, kunsi kwa bedi lanu kwatsala malo?" anafunsa mayi ake.

"Muli chiyani umo?"

"Mbale zanga za ukwati. Akuti kabati yachepa."

A Maimunah anakhala pamasitepe, n'kugwira mutu ndi manja awiri. Kak Senah, amene ankasenda anyezi pazenera, sanadikire kuti afunsidwe.

"Munah, anzathu akamakwatitsa amapereka mwana yekha. Inu munapereka mwana ndi matenda omwe."