Khoma Lofunda la Mkamwini

Ogwira nawo ntchito amawatcha Mayi Sindilumikiza, ndipo dzinalo sanalikane. Akhala akuika magetsi m'nyumba za anthu zaka makumi awiri, chiyambire pomwe amuna ankawauza kuti mkazi azigwira chikombe, osati pulayazi. Akaona waya wowonda samanyengerera, amangomanga chikwama n'kumapita.

Koma ulendo uno khitchini inali ya mwana wawo wamkazi, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Mkamwini anali atagula mbaula yamagetsi ya mapuleti anayi ndi uvuni, n'kuilumikiza yekha kusoketi ya ketulo. Mayi anangobwera kudzacheza Loweruka masana, koma dzanja la mmisiri silipuma. Atatsamira khoma la kuseri kwa mbaula, analimva likufunda ngati mphumi ya mwana wodwala malungo.

"Bambo, buleka ya m'bokosi la magetsi sikugwa mukayatsa zonse?" Mayi anamufunsa mkamwiniyo.

"Inkagwa, amayi, inkatitopetsa. Ndinaikapo yaikulu, pano zii."

Ananena monyadira, mwana wa eni ake! Mayi mtima unawawa. Buleka yaing'ono ija inkadula magetsi waya asanapse. Tsopano waya ankangowotcha m'khoma popanda womuletsa.

"Mbaula iyi imafuna waya wakewake wonenepa, wochokera kubokosi la magetsi, buleka yoyenera wayayo, swichi yake pakhoma, ndi waya wa efi kuti munthu asagwidwe ndi magetsi. Khomali ndiboola."

"Ndapenta sabata yatha, amayi. Nyumba ino ndi yanga, ndipo chilichonse chikuyaka bwinobwino."

Aliyense amadziwa kuti mpongozi sakweza mawu m'nyumba ya mkamwini. Mayi anadziwanso kuti akapitiriza, mwina pakhomopo sadzapondaponso, ndipo mdzukulu adzamuonera pafoni. Anachita mantha, sitibisa. Koma anapita kubokosi, anathimitsa magetsi a nyumba yonse, namasula waya wa mbaula n'kuupinda.

"Mundide, bambo, mundithamangitse kumene. Ine ndakana mabwana a nyumba zosanja, ndiye ndivomere pamene pamaphika mwana wanga? Ayi, sindilumikiza."

Mkamwini anatsegula chitseko chakunja n'kuima pambali pake, nkhope ili gwa. Mayi anatola chikwama chawo pang'onopang'ono, nayamba kulowera kukhomo.

Mwana wawo sanayang'ane mwamuna wake, sanayang'anenso mayi ake. Anaika chikhatho pakhoma paja, n'kumva kufunda kuja. Kenako anakoka mpando, anachotsa chithunzi chaukwati chomwe chinapachikidwa pakhoma, m'njira ya waya yopita kubokosi, nachiika pathebulo.

"Amayi," anatero, "yambirani kuboola apa."