Chisakasa cha Mbande ku Area 9

A Nebert Zikhale anabadwira kwa Nsaru, ndipo mpaka atakwatira sankadziwa ntchito ina koma ya fodya. Chaka china mitengo itaipa ku okushoni, anasiya munda m'manja mwa mng'ono wawo n'kubwera m'tauni ndi akazi awo, a Eveless. Anapeza kanyumba ka lendi kwa Chinsapo. Ulonda anauyesa miyezi itatu, unawakana. Kenako anapeza ntchito yosamalira kapinga ndi maluwa, ndipo ndi imene akugwira mpaka lero mutu utachita imvi. Kwa zaka khumi ndi chimodzi akhala akupalasa njinga m'mawa uliwonse kupita ku Area 9, kunyumba ya bambo Patrick ndi mayi Hellen, banja logwira ntchito m'maofesi a ku City Centre.

Munthuyu ali ndi khalidwe limene ena amaliyamikira, ena amadandaula nalo: safunsa kawiri. Kwa iwo, kuuza bwana kuti abwereze zomwe wanena ndi mwano. Akamva amati "chabwino". Akapanda kumva amatinso "chabwino".

Mu Seputembala chaka chatha, mayi Hellen anabwera kuchokera kumsonkhano wa kunja ndi timapaketi ta mbewu: letesi, tsabola wamitundumitundu, ndi maluwa ena oti dzina lake a Zikhale sanaligwire. A Zikhale anazifesa m'machubu, zinamera bwino pakhonde la kukhitchini. Tsiku lina mayiwo anawaitana n'kuwaonetsa chithunzi pa foni.

"A Zikhale, mbande izi sizingakhale pamtetete. Ndikufuna girinihausi ngati iyi, kuseri kwa thanki."

"Chabwino, mayi."

Pachithunzipo panali kanyumba kokutidwa ndi pulasitiki, denga ndi makoma omwe. Mayiwo anatumiza chithunzicho pa foni ya a Zikhale, ndipo m'mawa mwake ananyamuka kupita ku Mzuzu kumaphunziro a masabata atatu.

Bambo Patrick ndi amene anapereka ndalama yogulira zipangizo. Anaipereka ali kale m'galimoto, injini ikulira.

"Pulasitiki ayi, a Zikhale. Mukagule neti yakuda ija ya mthunzi. Anzanga kuntchito akuti ndi imene ikufunika."

"Chabwino, bwana."

Geti litatsekeka, a Zikhale anaima chilili ndi payipi m'manja mpaka madzi anafika m'mapazi.

Ku Msika wa Lilongwe anakafikira kwa Lemson, wogulitsa misomali ndi mawaya amene ankagulako nthawi zonse.

"Neti ilipo, madala," anatero Lemson. "Mukufuna ya fifite kapena ya eyite?"

"Mamita?"

"Ayi, pesenti. Ya fifite imatchinga theka la dzuwa."

A Zikhale anayang'ana kumwamba. Zaka zonse za fodya zija nazale ankaiphimba ndi udzu, ndipo udzu ukachuluka ankapatulako ndi dzanja. Zoti dzuwa limagawika pakati ngati chinangwa anali asanazimvepo. Anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi chija. Lemson anachikulitsa ndi zala ziwiri, kenako anaseka.

"Mukuchiona choyera chili pansichi? Si mchenga ayi. Ndi chisanu cha kwa azungu, chija chimagwa ngati ufa. Kanyumba aka n'kotenthetsera mbewu. Inu mukufuna kutenthetsa mbewu mu Okutobala muno?"

"Mayi anatero."

"Nanga neti?"

"Bwana anatero."

"Ndiye inuyo mukuti chiyani?"

Funso limeneli palibe amene anali atawafunsapo pa nkhani ya ntchito. Anakanda m'mutu, anayang'ana neti, anayang'ana pulasitiki, mapeto ake anagula zonse ziwiri n'kumangirira pa keliyala ya njinga.

Anamanga okha masiku anayi. Chomanga chokhacho chimene manja awo ankachidziwa chinali chigafa cha fodya, choncho anazika mapolo a bulugamu aatali, mtanda wa pamwamba mpaka unapitirira mpanda wa njerwa n'kumaonekera kumsewu. Mbali yakumsewuyo anaikuta ndi neti yakuda, ya bwana. Mbali ya kuthanki anaikuta ndi pulasitiki mpaka pansi, ya mayi. Mbande anazigawa mofanana, theka uku theka uku, kuti pasapezeke wodandaula. Bambo Patrick sanapite kuseriko n'komwe. Ankachoka m'mamawa, akabwera ankangolowa m'nyumba.

Patatha masiku atatu chimalizireni kumanga, dzuwa linaswa mtengo. Masana a Zikhale atatsegula mbali ya pulasitiki, mpweya unawamenya kumaso ngati atsegula uvuni ya njerwa. Mbande zonse zinali zitagona m'machubu, zofewa ngati masamba ofutsa. Za mbali ya neti zinali chiimire. Anazithira madzi zogonazo, koma sizinadzuke. Anatenga foni kuti aimbire mayi, anaibweza m'thumba. Nanga akanati chiyani? Kuti chithunzi chawo chapha mbewu?

Poganizaganiza anafika pa mfundo yoti mwina vuto ndi mtengo wa mango umene unkatchinga mphepo. M'mawa mwake anausadza, nthambi anazikokera kunja kwa geti kuti galimoto ya zinyalala idzatenge. Zina zinagwera mumsewu, iwo osalabadira. Analowa m'kati, anakhala pa ndowa yovundikira, manja ali kumutu.

Kutsidya kwa msewu kumakhala mayi Sellah, mphunzitsi wopuma ntchito. Iwowa potuluka anaona masamba aawisi ali mumsewu pageti la anzawo, monga amaikira pakagwa zovuta. Atakweza maso anaona chinsalu chakuda chitakungidwa kuseri kwa mpanda ngati tenti. Anakumbukira kuti mayi Hellen ali paulendo. Anathamangira m'nyumba, anavala chitenje ndi duku, anaitana amayi ena awiri oyandikana nawo, n'kukagogoda.

"Pepani, a Zikhale," anatero mayi Sellah motsitsa mawu. "Zachitika liti?"

A Zikhale anadabwa kuti nkhani ya mbande yafika kale kutsidya. "Dzulo masana, mayi."

"Mayo ine! Ngozi?"

"Kutentha. Pomwe ndimafika n'kuti zonse zitatha kale."

"Abambo adziwa?"

"Sindinawauze. Ndikuopa."

Amayi aja anakhala pansi pa kapinga, miyendo atatambasula. Mmodzi anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, enawo anapolokezana naye. A Zikhale anaima pambali akupotokola chipewa. Ankadziwa kuti anthu a m'mayadi amakonda maluwa, koma kufika poimba? Posadziwa chochita, anakatenga mipando ya pulasitiki n'kuiyala, zomwe zinangotsimikizira onse odutsa kuti pakhomopo pagwadi zovuta. Alonda a nyumba zoyandikana anayamba kulowa mmodzimmodzi, zipewa zili m'manja.

Mayi Sellah anaimbira bambo Patrick. "Bambo, bwerani kunyumba msanga. Mulimbe mtima."

Bambo Patrick anayesa foni ya akazi awo kangapo, osayankhidwa, chifukwa mayiwo anali m'kalasi. Bambowo amati mpaka pano sakumbukira kuti anadutsa bwanji kuchokera ku City Centre kufika ku Area 9. Analowa pageti shati itanyowa ndi thukuta, n'kuona amayi a maduku.

"A Zikhale! Ali kuti? Wakuuzani ndani?"

"Zili kuseri, bwana. Koma ndi za mbali ya mayi zokha. Za mbali yanu zili moyo."

Nyimbo inaduka. Bambo Patrick anawatsatira kuseri kwa thanki, amayi aja ali pambuyo. A Zikhale anatukula pulasitiki n'kuloza machubu. Kenako foni inalira m'thumba la bambowo, ndipo atayankha aliyense anamva mawu a mayi Hellen: "Mwandiimbira kambirimbiri chonchi, kwagwanji?" Bambo Patrick anakhala pansi pa dothi, mapewa akugwedezeka. A Zikhale amati sanadziwe ngati bwana akuseka kapena akulira.

Anthu anatuluka mwakachetechete. Mayi Sellah anakachotsa okha nthambi zija mumsewu. A Zikhale anamvetsa zonse pamene mlonda wina anawakokera pambali n'kuwafotokozera za masambawo. Zinawapweteka kwambiri, poti kwawo kwa Nsaru iwo omwe anaikapo masamba mumsewu pa maliro a bambo awo. Tsiku limenelo anatengera kunyumba ovolosi ndi magambutsi, ndipo anauza a Eveless kuti ntchito yatha. Koma m'mawa palibe anawaletsa kulowa pageti, choncho anapitiriza kuthirira.

Mayi Hellen atabwerako analowa mbali ya pulasitiki, sanathemo ndi mphindi imodzi yomwe, anatuluka akudzikupiza ndi dzanja.

"Bwanji simunandiuze kuti zipsa?"

"Munati ngati pa chithunzi, mayi."

Mayiwo anatembenukira kwa amuna awo, ndipo awiriwo anakangana m'Chingerezi chothamanga. A Zikhale anangotolapo dzina lawo kawiri. Pomaliza mayi anati pulasitiki ichotsedwe yonse, bwana anati itsale padenga chifukwa mvula yayandikira ndipo idzasasantha letesi. Uku kunali kusinthana mbali, ndipo a Zikhale mutu unaima kachiwiri. Anadikira onse apite kuntchito. Anadula mapolo kuti chisakasa chitsike, padenga anasiya pulasitiki n'kuyalapo neti pamwamba pake, m'mbali anasiya neti yokha kuti mphepo izidutsa. Palibe anawayamikira, palibenso anawadzudzula. Letesi anakula, mayi Hellen mpaka anagawirako anzawo kuntchito.

Woyamba kudzapempha kuti awamangire chawo anali mayi Sellah. Pano a Zikhale amanga zinayi mu Area 9 ndi chimodzi ku Area 3, amagwira Loweruka lokhalokha, ndipo alonda a mumsewuwo amawatchula kuti ainjiniya. A Eveless ataona kuti anthu akuitana amuna awo, anati nawonso akufuna chawo. Anawamangira kuseri kwa nyumba kwa Chinsapo, cha nsungwi ndi maneti akale a udzudzu ong'ambikang'ambika. M'menemo a Eveless amafesa tomato ndi mpiru, mbande zake amagulitsa kwa amayi a madimba a m'mbali mwa mtsinje.