Chiluwe Chomwe Ndinadya ku Rosebank

Nthanga zitatu za dzungu ndi zomwe amayi anandimangira pakansalu pamene ndinkapita ku Joni. Kalata ya maliro awo inandipeza mu 1983 ndikugwira ntchito ya m'dimba panyumba ina ku Rosebank, ndipo inanenanso kuti mbewu yawo yonse anaphikira anamalira. Ndinadzala nthanga zija kuseri kwa galaja. Inamera imodzi yokha.

Koma ine mlomo wanga! Dzungu litangoyanga ndinayamba kuthyola chiluwe, maluwa ake aja, n'kumaphika ndi tomato monga kwathu. Kwathu m'munda mumakhala maungu mbwee, ungathyole bwanji njuchi zimapezabe pogwira. Kuno phata linali limodzi. Timaungu tinkangofika ngati dzira, n'kuchita chikasu, n'kugwa.

Akhukhi apanyumbapo, bambo wachikulire wa ku Mangochi, ndi amene anandiona ndili ndi maluwa m'manja.

"Achimwene, mukudya amuna okhaokha, ndiye akaziwo abereka ndi ndani?"

Anandionetsa. Duwa lokhala ndi kadzungu kunsi ndi lalikazi, la phesi lowonda ndi lalimuna, ndipo ufa wachikasu wa lalimunalo ukapanda kufika mwa lalikazi palibe dzungu, palibe nthanga. Ndinachita manyazi, munthu wolima chibadwire.

Apa n'kuti April ali kumapeto, chisanu chili pakhomo. Mmawa wina duwa lalikazi lomaliza linatseguka. Ndinafunafuna lalimuna mpaka kukwawa ndi mawondo, ayi ndithu, ndinali nditamaliza onse dzana lake. Akhukhi anati ku Troyeville kuli Mpwitikizi wolima maungu, koma ndifulumire, duwa la dzungu silidikira masana.

Ndinathawa ntchito, chiphaso ndilibe, ndikumabisala ndikaona galimoto ya apolisi. Mpwitikiziyo ndinamugwadira pageti, bambo wamkulu ine kupempha duwa m'Chifanakalo, chilankhulo cha kumigodi, chothyokathyoka. Anaseka mpaka kutsokomola, koma anandipatsa awiri. Ndinawaika m'chipewa.

Basi inachedwa. Pofika, dzuwa litapendeka, duwa lalikazi lija linali litafota n'kudzitseka. Ndinalitsegula ndi zala, ndinapaka ufa uja, ndikulankhula nalo ngati wamisala: gwira, chonde gwira.

Ndinalifunditsa thumba masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinapeza kadzungu kali pansi, kofewa. Ndinakang'amba ndi chikhadabo, mkati munali timadontho toyera topanda kanthu.

Akhukhi anaima pambali panga. Ndinalira, sindibisa. Mbewu ya amayi anamalira anadyako, koma womaliza ndinali ine, ndi tomato ndi mchere.