Mapeyala a Pansi pa Mawaya

Magetsi atafika m'dera lathu kufupi ndi Milonde, ine ndinali m'gulu la oyamba kukapempha kuti andilumikizire. Ndinali mphunzitsi, nyumba ndinali nditangofolera malata, ndipo ana anga anali atatopa ndi kuwerengera patochi.

Pakati pa nyumba yanga ndi msewu, kumene kunali transifoma, pankakhala bambo ena achikulire amene anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsala. Ankakonza njinga pabwalo pawo, mumthunzi wa mitengo ya mapeyala imene anadzala okha atangopatsidwa malowo. Anthu opita kumsika ankaima pamenepo ngakhale njinga ili bwinobwino, n'kumacheza nawo m'Chilomwe.

Wopima wa ku kampani ya magetsi atabwera, anayang'ana mitengoyo n'kundiuza kuti mawaya alibe kwina kodzera. "Lamulo sililola mtengo wautali pansi pa mawaya," anatero. "Eni ake avomere kaye. Akakana, ntchito siyamba."

Ndinawapeza bambowo akumata chubu.

"Bambo, ndabwera ndi pempho. Mawaya anga akufuna adutse pamwamba pa bwalo lanu."

"Adutse, aphunzitsi. Mlengalenga si mwanga."

"Koma akuti mitengoyi iwasokoneza."

Anaika chubu pansi. "Asadza nthambi?"

"Mwina zam'mwamba zokha," ndinatero. Kunena zoona sindinkadziwa, koma sindinafunenso kumufunsitsa wopima uja, poti mumtima ndinkaopa yankho lake.

Tsiku lodula ndinali kusukulu. Pobwera masana ndinaona phiri lonse poyera kuchokera pamsewu, pamene kale linkabisika ndi masamba. Mitengo yonse inali pansi. Bambowo ankatola mapeyala osakhwima n'kumaika mudengu.

Ndinathamangira kwa kapitawo wa odulawo. Iye sanakwiye. "Mayi, peyala limaphukira msanga. Tikangosadza, chaka chamawa nthambi zigunda mawaya. Mvula ikagwa mwana n'kukwera mumtengomo, mlandu ukhala wa ndani?"

Palibe amene anaphwanya lamulo, ndipo chilolezo ndinakatenga ndine.

Nditawapepesa bambowo, anangoti, "Pasiyensiya," mawu a Chipwitikizi otanthauza kuleza mtima, amene ankanena sipoko ikathyoka m'manja mwawo. Nkhani ya chipepeso anaikana. M'mawa mwake anabwera kwathu ndi dengu lija.

"Afundikeni m'madeya, ena apsa. Ana adye."

Sanapse. Anangokwinyika n'kuda. Ndinakawakwirira kuseri kwa khola, ndipo atandifunsa ndinati anali okoma. Anandiyang'ana pang'ono, n'kugwedeza mutu. Munthu amene wadzala mapeyala zaka zonsezo amalidziwa peyala loti silingapse.

Magetsi atayaka, ndinaganiza zokoka waya kuchokera kwanga kuti nawonso akhale ndi babu limodzi. Mnyamata amene anandiikira mawaya m'nyumba anandiletsa. Anati kugawira mnzako magetsi mwa iwe wekha ndi mlandu, akandipeza andidulira, komanso nyumba yawo yaudzu ikapsa adzamanga ine. Ndinamvera. Mawaya ankadutsa pamwamba pa denga lawo, iwo n'kumayatsa koloboyi.

Pabwalo paja dzuwa linayamba kuswa mtengo. Okonzetsa njinga sankakhalitsanso, ndipo ocheza aja anasiya kuima. Pasanathe chaka bambowo anasamutsira zipangizo zawo kumsika, pakhonde la golosale ya Msilamu wina amene anawamvera chisoni. M'mawa uliwonse ankadutsa pakhomo panga atanyamula pampu ndi bokosi la masipanala, ndipo sankalephera kundipatsa moni. Moni umenewo unkandilemera kuposa akanandinyoza.

Zitsa zija zinaphukira mvula yoyamba itagwa. Ndinawaona Lamulungu lina akudula okha mphukirazo ndi chikwanje. Nditawafunsa chifukwa chake, anati safuna kuti anthu a magetsi adzabwerenso kudzandivutitsa. Pamalopo anadzalapo nandolo.