Matabwa a Mbawa ndi Mlamba wa Alamu

Mpaka lero mlamba sindidya. Akauika patsogolo panga ndimadzuka n'kukalavula kuseri kwa nyumba. Anthu amaseka, ati Msena wanji wosadya mlamba. Azisekabe. Sadziwa zimene inamva mphuno yangayi.

Ine ndine kalipentala. Kwathu ndi ku Makhanga, koma ndinakwatira kwa Amang'anja cha kufupi ndi Chiromo, ndipo ndimakhala pachikamwini. Malo ndi a mkazi wanga ndi abale ake. Changa pamudzipo chinali chisakasa chimodzi kuseri kwa nyumba, cha nsanamira zinayi ndi denga la udzu. Munali benchi, sowo, puleni, hamala, basi. Mbuzi zinkagonamo, ndipo mvula ikagwa ndinkapala matabwa mapazi ali m'matope. Koma chifukwa chinali chosaoneka bwino, panalibe wochisirira.

M'mwamba mwa chisakasacho ndinamangiriramo matabwa asanu ndi limodzi a mbawa. Nkhani yonseyi ndi ya matabwa amenewo.

Bambo anga anamwalira chaka china madzi atasefukira. Thabwa silinapezeke ngakhale limodzi, ndiye tinangowakulunga mumphasa. Amayi anga zimenezi sizinawachoke mumtima. Amayi anali munthu waukhondo wochititsa manyazi anzawo. Ankasamba m'mawa ndi madzulo, pabwalo ankasesa mpaka nkhuku zinkasowa chotola, ndipo mlamba sankaukhudza n'komwe, ati ndi nsomba yodya zonyansa za m'matope. Tsiku lina ndili kwathu anandiitanira kumunda kuti wina asamve.

"Iwe," anatero, "ine mphasa nkhabe, sindiifuna. Udzandikhomere bokosi ndi manja akowa, la mbawa, losalala bwino. Anthu adzandione nkhope ndili waukhondo."

Ndinalonjeza. Matabwa ndinawapeza, koma pakamwa ndinatseka. Kwathu kuno kusungira munthu wamoyo matabwa a bokosi ndi malodza. Akakumva, mawa lake ndiwe mfiti, ukufulumizitsa mayi ako. Ndiye mkamwini nkhani yotereyi ingamuthere bwino? Aliyense wofunsa, ngakhale mkazi wanga yemwe, ndinkangoti ndi a tebulo.

Dzinja lotsatira madzi analowa m'chisakasa mpaka m'chiuno. Ndinaima pachulu n'kumayang'ana, mtima uli m'mwamba, kuti akangokwera pang'ono matabwa a amayi apita ku Shire. Sanafike. Koma madzi ataphwa ndinati ayi, chisakasa ichi ndichikuze. Ndiwonjezere chipinda chimodzi pambali, chokwezeka pansi, cha njerwa zootcha ndi malata, kuti matabwa ndi zida zizikhala pouma.

Ntchitoyo inandidya msana. Dothi ndinkatuta ndekha pawilibala kuchokera kuchulu, kuthira, kuwaza madzi, kusinja ndi chipika, mpaka pansi panakwera kufika m'ntchafu. Njerwa ndinaumba ndekha, ndinaotcha ndekha, dzuwa la kuchigwa kuno likundiwamba ngati nsomba. Amene anandigwirirako ngakhale njerwa imodzi, palibe. Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, omwe ndiwo eni mbumba pamudzipo, ankakhala patsinde pa mtengo wa nimu mwendo uli pamwamba pa unzake, n'kumandiuza kuti khoma lapotoka. Iwo ntchito yawo ndi yogula mlamba wowamba kudambo n'kukagulitsa kumtunda. Za chingwe ndi njerwa akanadziwira kuti? Koma pakamwa pawo panalibe tchuthi.

Chipinda chinatha, chinakongolanso. Ndinakhoma mashelefu, ndinapachika masowo, matabwa a mbawa aja ndinawasanja pamitanda pansi pa malata. Ndinaima pakhomo n'kumadzitama ndekha. Kupusa kwanga kunali pomwepo. Chisakasa cha udzu chinali changa. Chipinda cha malata chinasanduka cha mbumba yonse.

Sipanathe sabata, alamu anafika akumwetulira.

"Alamu, mwamanga bwino pamalo pathu pano," anatero. Mawu akuti pathuwo anawakoka bwino kuti ndiwamvetse. "Ndili ndi madengu awiri a nsomba, kwanga kukudontha. Agone muno masiku awiri okha."

Ndinayang'ana mkazi wanga, iye anayang'ana pansi. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinati ikani.

Madengu awiri anabereka anzawo. Masiku awiri anakhala mwezi. Mvula inali itayamba, nkhuni kudambo zinali zonyowa, ndipo nsomba zawozo zinali zowamba mwachinyengo, kunja kwakuda bii, m'kati muli nyama yaiwisi. Ndinkati ndikatsegula chitseko m'mawa, fungo linkandimenya pamphumi. Ntchentche zazikulu zobiriwira zija zinkachita msonkhano pabenchi panga. Mayi wina anabwera kudzatenga mpando wake, anaununkhiza n'kundifunsa ngati ndimapaka vanishi wa nsomba. Ndinadandaula kwa mkazi wanga. Yankho lake linali lakuti, "Bambo, musayambane ndi achimwene chifukwa cha fungo. Fungo limatha, chibale sichitha."

Kenako ndinaitanidwa kukakhoma denga la tchalitchi kutsidya kwa Shire, ndipo ndinakhalako masabata atatu. Makiyi ndinasiyira mkazi wanga. Ndikanawameza bwenzi zili bwino.

Ndinabwera masana dzuwa lili paliwombo. Fungo linandilonjera ndisanafike n'komwe pabwalo. Nditatsegula chitseko, maso anga anathamangira kumitanda. Kunalibe kanthu. Matabwa a amayi anga anali pansi, atayalidwa panjerwa ngati thandala, ndipo pamwamba pake panali mlamba woyanikidwa mizeremizere. Wina unali utaphulika mimba. Mafuta achikasu ankayenderera pathabwa n'kumadonthera pansi. Mphutsi zoyera zonenepa zinkagwa tho, tho, zina zikukwawa m'mphepete mwa thabwa ngati zikuyeza utali wake. Asa! Ndinathawira kunja n'kusanza pamaziko omwe ndinasinja ndekha.

Alamu anabwera akutokosa m'mano.

"Matabwa anga awatsitsa ndani?" ndinafunsa.

"Ndine. Nsomba zimafuna mpweya, m'madengu zimaola. Nanga si munati ndi a tebulo? Tebulo ntchito yake si kuikapo chakudya?"

Anaseka okha. Ine hamala inali pafupi ndi dzanja langa, ndipo Mulungu yekha ndiye akudziwa zimene ndinaganiza. Mawu anafika pakhosi pano: awa ndi matabwa a bokosi la amayi anga, munthu wopanda manyazi inu! Koma apongozi anali pakhonde akusenda chinangwa, makutu ali tcheru. Ndikanangotchula bokosi, dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukanadziwa kuti mkamwini akusungira mayi ake imfa. Ndinameza. Ndinangotaya nsombazo panja ndi fosholo, alamu akukuwa kuti ndikuwononga katundu.

Matabwawo ndinawatsuka ndi phulusa, ndi sopo, ndi mandimu, ndinawakwecha ndi mchenga, ndinawayanika padzuwa masiku ambiri. Ataumitsitsa fungo linaoneka ngati lachoka. Ndinadzinamiza kuti puleni idzamaliza zotsalazo, n'kuwabwezera kumitanda.

Amayi anamwalira dzinja lomwelo, madzi atazinga Makhanga. Uthenga unandipeza m'mawa. Ndinatsitsa matabwa, ndinanola puleni, ndinayamba kupala misozi ikugwera pathabwa. Nditangochotsa khungu loyamba, fungo lija linadzuka. Ndinapalanso, lilipobe. Mafuta anali atalowa mpaka mumtima mwa thabwa. Ndinapala mpaka matabwa anayamba kupyapyala, zopalidwa zikununkha mlamba mulu wonse.

Pakona panali matabwa a paini, oyera, osanunkha kanthu. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Koma amayi anati la mbawa. Ndinauma mutu, ndinakhoma la mbawa lomwelo, ndinalipaka vanishi kawiri kunja, m'kati n'kuyalamo nsalu yoyera. Pomaliza linkangomveka vanishi yekha, ndipo linkawala kuti ukhoza kudziona nkhope. Pa mabokosi onse amene ndinakhomapo, lokongola linali limenelo.

Tinalikweza m'bwato chakumasana. Pamadzi panalibe mthunzi, dzuwa linkawotcha bokosi mpaka osaligwira. Tisanafike pakati, ntchentche imodzi yobiriwira inatera pachivundikiro. Inabwera ina, n'kubwera ina. Wopalasa bwato anakweza mphuno n'kufunsa ngati wina wanyamula ndiwo. Ndinayang'ana kumbali.

Kwathu ndinapeza amayi atawasambitsa kale. Anawaveka zoyera, duku loyera, ali gone pamphasa yatsopano. Ndinagwada pafupi nawo, ndipo ndikulumbira pamaso pa Mulungu, ankanunkhira sopo. Nkhope yawo inali yosalala ngati angogona tulo ta masana. Tinawaika m'bokosi n'kuvundikira kuti mapemphero ayambe, anthu adzaone nkhope pambuyo pake. Panja panali khamu, ena atawoloka madzi ofika m'chifuwa kuti adzawatsanzike.

M'nyumbamo munali motentha, anthu thithithi, mpweya wosayenda. Nyimbo yachiwiri isanathe, fungo linatuluka. Linayamba pang'onopang'ono, kenako linadzaza nyumba. Ndinaona amayi ena akukokera chitenje kumphuno. Ena anasuntha n'kukakhala kufupi ndi khomo. Ntchentche zinalowa. Kunong'onezana kunayamba, ndipo mawu amodzi ndinawamva bwinobwino: "Aonongeka kale."

Mkulu wa adzukulu anandikodola n'kunditengera kuseri.

"Pepani bambo," anatero motsitsa mawu, "maliro aonongeka, nyengo yake ndi yotenthayi. Nkhope tisaonetse, tingawachititse manyazi. Tikhome tizipita. Mukuti bwanji inu mwana wawo?"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene ankadziwa zoona pamaliro ponsepo ndinali ine ndekha. Panangofunika mawu ochepa: si amayi anga, ndi bokosi. Koma akanafunsa kuti bokosi latsopano linunkha bwanji, ndipo ndikanayenera kuulula zonse, kuti matabwa ndinawasunga amayi ali moyo, kuti ndinalola munthu kuyanikapo nsomba zoola ine ndili duu, kuti kalipentala wathunthu ndaika mayi anga pathandala la mlamba. Ndinaopa kusekedwa. Ndinaopa dzina la ufiti. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Anandipatsa hamala yanga yomwe, ati mwini ntchito amalize. Misomali ndinakhoma ndine. Anthu amene anawoloka madzi aja anangoona mbawa yowala ikudutsa, atagwira mphuno. Pamanda abusa anafupikitsa mawu, dothi linathiridwa mofulumira ngati tikukwirira chinthu choopsa.

Nditabwerera ku Chiromo ndinakwera padenga la chipinda chija n'kuyamba kuzula malata. Mkazi wanga anafunsa ngati ndapenga. Pamenepo ndiye ndinamuuza zonse, ndili pamwamba pomwepo, mokuwa, apongozi akumva, mudzi wonse ukumva. Mawu amene ndinalephera kunena pamene ankafunika anatuluka onse pamene analibenso ntchito. Mkazi wanga anakhala pansi n'kulira. Alamu anangoti, "Nanga bwanji simunanene?" Kenako, osaphethira n'komwe, anafunsa ngati malatawo ndilibe nawo ntchito. Munthu ameneyo! Koma funso lawo loyambalo limandiluma mpaka lero.

Ndinabwerera m'chisakasa cha udzu, ndimo ndimagwira ntchito mpaka pano, mbuzi zikugonamo ngati kale. Alamu ndimanyansidwa nawo, inde, tikakumana ndimapatuka. Koma amene ndimanyansidwa naye kwambiri ndimamuona m'madzi ndikamasamba kumaso.

Chaka chatha ndinapita ku Makhanga kukalambula pamanda. Ndinakumana ndi mayi wina wachikulire, mnzawo wa amayi wa kutchalitchi. Anandigwira dzanja mwachifundo n'kuti, "Mayi ako anali aukhondo, mwanawe, mudzi wonse unkadziwa. Koma thupi ndi thupi. Tsiku lomaliza lija tinalephera ngakhale kuwaona nkhope."

Ndinawauza. Ndinawauza za matabwa, za mlamba, za mphutsi, za hamala, osasiyapo kanthu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenako anandisisita paphewa n'kunena kuti ndine mwana wabwino, wofuna kubisa manyazi a mayi ake.

Sanandikhulupirire. Palibe amene adzandikhulupirire, poti amene akanaona ndi maso awo ndinawatsekera ndekha ndi misomali. Koma ndinenabe, amve asamve. Amayi anga sananunkhe. Linanunkha ndi bokosi langa.